Zimene Anamwino Anamva kwa Anthu a ku Mwanza

(Nyimbo yotsegulira, kenako itsike pang'onopang'ono)

WOULUTSA:

  Namwino tonse timamudziwa pobaya jakisoni, poika dripi, potsuka bala ndi pothandiza amayi kuchira. Lero tikambirana za ntchito yake ina imene ambirife sitiiona, ntchito yofufuza.

Alipo anamwino amene amavula magolovesi, n'kutenga kope ndi kachipangizo kojambulira mawu, n'kukakhala pamkeka ndi amayi, abambo, odikirira odwala ngakhalenso anamwino anzawo. Amawafunsa mwadongosolo mmene chisamaliro cha kuchipatala chikuyendera. Akatero amasanthula mayankhowo, amalemba, ndipo zolembazo zimafika m'makalasi mwa ana athu amene akuphunzira unamwino. Kafukufuku wina wotere anachitikira m'boma lathu lomwe lino la Mwanza. Ndikufuna mumve zimene anapeza, chifukwa mawu ali mmenemo ndi a anthu a konkuno.

Tikumbutsane kaye mmene zinthu zinalili. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa mu 2004 anaonetsa kuti pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo, amayi 984 ankamwalira pa zifukwa za uchembere. Mu 2010 chiwerengerocho chinali 675, chotsikirapo koma choopsabe. Panthawi yomweyo makanda ambiri ankatenga kachirombo ka HIV kuchokera kwa amayi awo. Boma linachitapo zingapo. Mu 2007 linaletsa azamba a m'midzi kubereketsa, pofuna kuti amayi azichirira kuchipatala. Mu 2011 Malawi anakhala dziko loyamba kukhazikitsa zoti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa akapezeka ndi kachirombo ayambe ma ARV pomwepo, ndipo amwe moyo wake wonse. Pakati pa zonsezi panalinso mfundo yoti abambo aziperekeza akazi awo kusikelo.

Maganizo ake anali omveka ndithu. M'nyumba zambiri ndalama ya kabaza ili m'thumba mwa bambo. Matenda akayamba usiku kwa mayi wa ku Thambani kapena kumapiri a kumalire, mawu a bambo ndiwo amati tinyamuke pompano kapena tidikire kuche. Komanso mayi akayezetsa yekha n'kupezeka ndi kachirombo, amabwerera kunyumba mtima uli m'mwamba, osadziwa kuti akayambira pati kufotokoza. Ena ankabisa mankhwala, ena ankaleka kumwa poopa kuti banja litha. Koma akayezetsa limodzi, uphungu nawonso amalandira limodzi.

Zimenezo ndi zimene akuluakulu a zaumoyo ankaganiza. Nanga anthu eni ake ankazimva bwanji? Funso limeneli ndi limene linabweretsa ku Mwanza kuno a Lucy Kululanga a ku Kamuzu College of Nursing, mogwirizana ndi a Address Malata ndi a Ellen Chirwa a pasukulu yomweyo, komanso a Johanne Sundby a ku University of Oslo m'dziko la Norway. A Malata ndi omwe aja mu 2016 anakhala mayi woyamba kutsogolera yunivesite ya boma m'dziko muno, ku MUST ku Thyolo, ndipo ntchito yawo anayambira pa unamwino ndi uzamba. Ofufuzawa anacheza ndi amayi, abambo ndi ogwira ntchito zaumoyo, ena payekhapayekha, ena m'magulu. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2012 m'magazini ya akatswiri ya African Journal of Reproductive Health.

Mayankho sanali amodzi. Ena anati bambo kupita kusikelo ndi chizindikiro cha chikondi, ndipo zimenezi n'zokoma kumva. Ena anati n'zachilendo, zobwera, popeza kwathu kuno mimba ndi nkhani ya amayi, ya anankungwi, ya agogo ndi apongozi. Enanso ankaona kuti bambo akuitanidwira chinthu chimodzi basi, kuyezetsa magazi pamodzi ndi mkazi wake. Panali oti ndi lamulo la boma, ife timangotsatira. Panali oti ndi njira yoti mayi athandizidwe msanga, chifukwa wobwera ndi mwamuna sachedwa pamzere. Ndipo panali mawu amene ine ndimaona kuti ndi olemera kuposa onsewa, oti dongosololi likulakwira amayi amene alibe amuna.

Tiime pamenepa, omvera. Ganizirani mayi amene mwamuna wake ali ku Joni ndipo amabwera pa Khirisimasi pokha. Ganizirani mkazi wa dalaivala wa thiraki amene sabata ino ali ku Tete, ya mawa ali ku Beira. Ganizirani mtsikana amene mnyamata wakana mimba, kapena mayi amene wafedwa mwamuna ali ndi pakati pa miyezi itatu. Onsewa alipo m'midzi yathu, ndipo mukuwadziwa. Mayi wotereyu wadzuka tambala woyamba, wayenda wapansi, wafika pa Kunenekude kapena pa Tulonkhondo asanafike wina aliyense. Kenako akuona anzake obwera dzuwa litakwera akulowa patsogolo pake chifukwa agwirana manja ndi amuna awo. M'madera ena a dziko lino zinafika poti mayi wopanda mwamuna ayambe wakatenga kalata kwa amfumu, ndiye kuti akaulule pabwalo nkhani imene ikumupweteka kale mumtima. Zamvekaponso zoti amayi ena amachita kubwereka mwamuna, kaya wa kabaza, kuti akaimire ngati mwini mimba. Ndipo ena amangokhala kunyumba mpaka mimba itakula. Choncho mfundo imene inabwera kuti iteteze amayi inkathamangitsa amayi omwe aja amene akusowa chitetezo kwambiri.

Palibe kaundula wa pachipatala amene akanaonetsa zimenezi. Kaundula amalemba amene abwera. Amene anabwerera panjira chifukwa cha manyazi salembedwa paliponse, ndipo mawu ake amamveka pokhapokha wina atapita kukamufunsa. Mu 2015 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza kuti abambo azitenga mbali pa uchembere, koma linaikapo chenjezo lakuti zichitike molemekeza ufulu wa mayi wosankha yekha. Anthu a ku Mwanza anali atanena kale zomwezo m'mawu awoawo.

Ofufuzawo anatsindikanso mfundo ina. Anapeza kuti kutenga mbali kwa abambo kunkathera kwenikweni pa ulendo woyamba wa kusikelo ndi pa kuyezetsa magazi. Bambo wabwera, wabayidwa chala, wamva zotsatira, wapita. Apa ndi pamene ndikufuna ndiyankhule nanu abambo anzanga. Ulendo umodzi sukwanira. WHO inanena mu 2016 kuti mayi woyembekezera azionana ndi achipatala kasanu ndi katatu, kuyambira m'miyezi itatu yoyambirira. Zimene mungamve pa maulendo enawo ndi zimene zimapulumutsa moyo usiku. Mayi akayamba kutaya magazi, akamamva mutu waukulu kapena kuona zinthu mwachimbuuzi, akatupa nkhope ndi manja, akakomoka, thupi likatentha, nsupa ikasweka nthawi isanakwane, kapena mwana akaleka kusewera m'mimba, musadikire kuche ndipo musayambe mwaitanitsa msonkhano wa pabanja. Nyamukani. Ndalama ya mayendedwe isungidwe padera mimba ikadali yaing'ono, ndipo amene mumakhala kutali kambiranani msanga zopita kuchidikiro.

(Nyimbo pang'ono)

WOULUTSA:

Tsopano mwina mukufunsa kuti zimenezi zikukhudzana bwanji ndi ana asukulu amene timawaona m'mawodi atavala yunifomu, akutsatira anamwino pambuyo. Zikukhudzana kwambiri.

Unamwino m'dziko muno umayang'aniridwa ndi bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi, limene linakhazikitsidwa mu 1966. Palibe amene amaloledwa kugwira ntchitoyi asanakhoze mayeso a bungweli. Kamuzu College of Nursing inatsegulidwa mu 1979, ndipo mu 2021 inaphatikizana ndi College of Medicine kupanga Kamuzu University of Health Sciences. Kumeneko digiri imatenga zaka zinayi. Koma anamwino ambiri amene mumakumana nawo m'zipatala zing'onozing'ono anaphunzira zaka zitatu ku Malawi College of Health Sciences kapena kumasukulu a mishoni monga St Joseph's ku Nguludi, Malamulo ku Thyolo, Mulanje Mission, Holy Family ku Phalombe, St Luke's ku Malosa ndi Trinity ku Nsanje. Kulikonseko, gawo lalikulu la maphunziro silichitikira m'kalasi. Limachitikira pambali pa bedi la wodwala, m'zipatala zikuluzikulu ndi za m'maboma ngati chathu chino.

Cha m'ma 2004 anamwino anali atachepa zedi. Ena anapita ku Britain, ena anamwalira ndi Edzi, ena analowa ntchito za mabungwe. Boma ndi maiko othandiza anayambitsa dongosolo lapadera la zaka zisanu ndi chimodzi, anawonjezera malipiro ndi 52 peresenti, ndipo masukulu anayamba kutenga ophunzira ochuluka. Zinathandiza. Koma ophunzira akachuluka, pamafunikanso ochuluka owaphunzitsa m'mawodi, ndipo apa ndi pamene panatsalira.

A Gladys Msiska, nawonso a ku Kamuzu College of Nursing, anafufuza nkhani imeneyi pa maphunziro awo a udokotala ku University of Edinburgh ku Scotland. Anacheza mozama ndi ophunzira 30, ndipo zimene anapeza zinasindikizidwa mu 2014. Ophunzirawo anafotokoza kuti nthawi zambiri akafika m'wodi amasanduka otseka mipata ya anamwino amene palibe. M'malo moonetsedwa kachitidwe ka ntchito, amasiyidwa okha, aphunzitsi awo a kusukulu osaoneka kawirikawiri, anamwino a m'wodi ali otanganidwa. Zipangizo zikasowa amaphunzira kugwiritsa ntchito chilichonse chimene chilipo, mosiyana ndi zimene anawerenga m'buku. Anakambanso za mtolo wa mumtima: kuona imfa koyamba, kuopa kudzibaya ndi singano imene yagwira wodwala, kukalipiridwa pamaso pa odwala, ndi kusowa womuuza zonsezi.

Tisafulumire kuloza chala anamwino a m'wodi. A Thokozani Bvumbwe a ku Mzuzu University ndi anzawo anafunsa mbali inayo m'kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2015, ndipo anamwinowo anadandaula za kuchuluka kwa ntchito, kuchepa kwa zipangizo ndi kusamvana bwino pakati pa masukulu ndi zipatala. Munthu amene ali yekha usiku ndi odwala makumi angapo, wina akulira uku, wina dripi yatha uko, nthawi yoti aime n'kumufotokozera wophunzira chifukwa chake tikuchita chakutichakuti aipeza kuti?

Komabe vuto likadalipo, ndipo limatifika tonse. Alimi a manachesi kuno mukudziwa kuti mbande ikapindika ili kunazale, mtengo umakula wopindika. Wophunzira amene waona mayi akubwezedwa chifukwa chosabwera ndi mwamuna, wina aliyense osadabwa nazo, amatenga kuti ntchito imayenda choncho. Amene waona wodwala akukalipiridwa, nayenso adzakalipa. Amene waona tchati ya mayi amene ali pamatenda ikudzazidwa mwana atabadwa kale, m'malo moilemba nthawi ndi nthawi kuti ichenjeze zinthu zikamavuta, adzachita zomwezo kwa zaka makumi atatu, mwinanso pachipatala chimene ali yekha popanda womuwongolera. Koma wophunzira amene wawerenga zimene amayi a ku Mwanza ananena, ndipo waona namwino wamkulu akulandira mayi wobwera yekha mwaulemu, osamufunsa mafunso omuchititsa manyazi, ameneyo watenga chinthu chimene sichidzamuchoka. N'chifukwa chake ine ndimati kafukufuku amene sanafike kwa wophunzira ndi kwa namwino wa m'wodi sanamalize ulendo wake.

Kupatula kufunsa, anamwino amafufuzanso powerengera. Zimenezi sizinayambe lero. Florence Nightingale, atapita kukasamalira asilikali ku Scutari mu 1854, anadzaonetsa ndi ziwerengero kuti asilikali ambiri ankafa ndi matenda obwera chifukwa cha uve kusiyana ndi mabala a kunkhondo. M'masiku athu ano, a Linda Aiken a ku America ndi anzawo anaunika odwala oposa 420,000 amene anachitidwa opaleshoni m'zipatala 300 za maiko asanu ndi anayi a ku Ulaya. Zotsatira zake zinatuluka mu 2014 m'magazini ya The Lancet. Anapeza kuti namwino akamuwonjezera wodwala mmodzi yekha pa amene akusamalira kale, chiopsezo choti wodwala amwalira pasanathe masiku 30 chimakwera ndi 7 peresenti. Anapezanso kuti kumene anamwino ophunzira mpaka digiri ndi ochuluka, imfa zimachepa. Kumeneko akukamba za namwino mmodzi pa odwala asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi atatu. Inu amene munadikirirapo wodwala m'wodi ya amuna kapena ya ana mukudziwa mmene zimakhalira kwathu kuno. Tikamva anamwino akupempha kuti boma lilembe ntchito anzawo amene anamaliza sukulu koma akungokhala, tisaone ngati akudzifunira zabwino okha. Nkhani yake ndi ya moyo wa amene wagona pabedi.

Ndipo kafukufuku akafika m'wodi, zinthu zimasinthadi. Njira yosamalira ana obadwa masiku osakwana powaika pachifuwa pa mayi, khungu kukhungu, imene timaitchula kuti kangaru, inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978 chifukwa cha kuchepa kwa makina ofunditsira ana. Kuno inayambira pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999, ndipo lero wophunzira unamwino aliyense amaiphunzira. Abambo, iyi ndi ntchito ina imene mungagwire ndi thupi lanu lomwe, pomulandira mayi kuti apumeko.

(Nyimbo pang'ono)

WOULUTSA:

Nanga ife odwala ndi odikirira odwala, mbali yathu ndi iti?

Wophunzira akabwera pabedi panu, muli ndi ufulu wodziwa kuti ndi wophunzira. Ayenera kudzitchula dzina, kufotokoza zimene akufuna kuchita ndi kupempha chilolezo chanu. Ngati ndi ntchito yovuta, monga kuika dripi kwa khanda kapena kusoka mayi amene wang'ambika pochira, mukhoza kufunsa mwaulemu kuti, "Kodi anamwino aakulu ali pafupi?" Funso limenelo si chipongwe, ndipo limateteza wophunzirayo chimodzimodzi ndi wodwala wanu. Mukhozanso kukana. Koma ndikupempheni, pamene palibe choopsa, mulekeni aphunzire. Namwino amene adzakusamalireni muukalamba wanu ndi yemweyo akunjenjemera dzanja lero. Inu agadiyani, amene mumagona pansi pambali pa bedi, mumaona zimene namwino sangaone: kuti wodwala wasanza kangati, wadya kapena ayi, wakodza liti. Muuzeni wophunzirayo zimenezi, ndipo muone ngati akulemba. Mukatero mukumuphunzitsa kumvetsera.

Ofufuza akabwera m'mudzi mwanu kapena akakupezani pachipatala, dziwani izi. Kafukufuku aliyense wokhudza umoyo wa anthu ayenera kuvomerezedwa kaye ndi komiti yoona kuti anthu asalakwiridwe, monga National Health Sciences Research Committee ya ku Unduna wa Zaumoyo kapena COMREC ya ku Blantyre, ndipo akuluakulu a zaumoyo a m'boma lino ayenera kudziwa. Ofufuzawo akuwerengereni m'Chichewa cholinga chawo musanasaine kapena kudinda chala. Ngakhale amfumu atavomera kuti alowe m'mudzi, kuyankha kapena kusayankha n'kwanu. Mukakana, chithandizo chanu kuchipatala sichisintha. Mukavomera, mukhoza kulekera panjira, ndipo dzina lanu siliyenera kutuluka m'zolemba zawo. Ngati mwasankha kuyankha, nenani zoona, ngakhale zowawa. Amayi amene ananena poyera kuti dongosolo la kusikelo likuwalakwira anathandiza kwambiri kuposa akanangoti zonse zili bwino pofuna kusangalatsa alendo.

Pali funso limodzi limene ndikufuna muziwafunsa ofufuza onse asanatseke kope lawo: "Zimene mupeze, tidzazimva liti, ndipo adzatiuza ndani?" Ichi n'chimene chimandipweteka pa nkhani yonseyi. Mawu amatengedwa m'Chichewa pansi pa mtengo, amakalembedwa m'Chingerezi, amawerengedwa ku Oslo ndi ku Edinburgh, koma eni mawu aja osamva n'komwe kuti anathera pati. Njira zobwezera zilipo kale. Tili ndi makomiti a zaumoyo a m'midzi, alangizi a zaumoyo amene amayendera makomo athu, misonkhano ya mafumu, maphunziro a m'mawa kusikelo amayi asanayambe kuyezedwa, ngakhalenso wailesi ino. Tsamba limodzi la m'Chichewa lopachikidwa pakhoma la chipatala silingawononge ndalama zambiri pa thumba la kafukufuku.

Kwa inu ophunzira amene mukumvera, makamaka a chaka chomaliza amene mukusakasaka mutu woti mufufuze, mafunso ali pakhomo pompano. Chipatala cha Mwanza chimathandiza anthu a m'boma lino oposa 130,000 malinga ndi kalembera wa 2018, koma chimalandiranso odwala ochokera ku Mozambique, ndipo mu 2016 tinaona anthu zikwizikwi othawa nkhondo atasonkhana pa Kapise. Mayi wa tsidya linalo akachira kuno n'kubwerera kwawo, amamuonanso ndani pa sabata zoyambirira, pamene amayi ndi makanda ambiri amadwala? Amene wayamba ma ARV kuno akawoloka malire, amapitiriza bwanji? Padutsa zaka zoposa khumi chichitikireni kafukufuku uja wa a Kululanga: kodi mayi wobwera yekha kusikelo akulandiridwa motani lero pa Thambani, ndipo abambo afika pomabwera ulendo wachiwiri ndi wachitatu? Funsani aphunzitsi anu, pemphani chilolezo, mubwere mudzatifunse.

Nthawi yathu yathera pamenepa. Sabata ya mawa tidzakambirana za odikirira odwala: ntchito imene amagwira m'wodi, zimene sayenera kusiyiridwa, ndi mmene angadzitetezere kumatenda. 

(Nyimbo yotsekera)